Basi ya m'mwamba ya anthu okumba mafuta m'nyanja

Sabata ino pa kosi yanga ya chitetezo cha pantchito tinafika pa mutu wa mayendedwe a anthu ogwira ntchito m'zitsime za mafuta za pakati pa nyanja. Ndinkati ndingowerenga mothamanga, koma wandidyera masiku atatu.

Ine helikopita ndinkaidziwa ngati ndege ya asilikali ndi akuluakulu a boma. Ku Louisiana, ku America, inalowa ntchito ya mafuta chifukwa cha matope. Mu 1949 kampani ya Petroleum Bell Helicopters inayamba ndi tindege titatu ta Bell 47, kunyamula anthu ofufuza mafuta m'madambo momwe galimoto inkatitimira. Apa n'kuti mu 1947 kampani ya Kerr-McGee itakumba kale chitsime ku Gulf of Mexico, patali poti mtunda sunkaoneka. Zitsime zitayamba kutalikira, boti linkachedwa ndipo mafunde ankazunza anthu. Helikopita inangosanduka basi yopita kuntchito.

Wa ku Britain, Alan Bristow, anayamba ndi kuuluka pamwamba pa nyanja za ku Antarctic kulondolera osaka anamgumi. Mu 1955 anakhazikitsa Bristow Helicopters, yomwe inagwira ntchito ku Persian Gulf ndi ku Nigeria. Mafuta atapezeka ku North Sea, nyanja ya pakati pa Britain ndi Norway, ku malo otchedwa Ekofisk mu 1969 ndi Forties mu 1970, mzinda wa Aberdeen ku Scotland unakhala ngati depoti yaikulu ya mahelikopita.

Pomwe ndinaima kwenikweni ndi pa 6 November 1986. Chinook, helikopita ija ya mapiko ozungulira awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, inkachokera ku zitsime za Brent itanyamula anthu 47. Itatsala pang'ono kutera ku Sumburgh, ku Shetland, giya la kutsogolo linasweka, mapiko aja n'kuwombana. Anapulumuka awiri okha. Antchito anaikana ndegeyo, ndipo Chinook inachoka pa ntchitoyi ku North Sea. Zinabwerezanso pa 29 April 2016 ku Turøy, ku Norway, pomwe mapiko a helikopita ya mtundu wa Super Puma anazuka ndege ili m'mwamba, anthu 13 n'kufa. Akuluakulu oona za ndege anadzailolanso kuuluka, koma okwera anati ayi. Mabuku athu amakonda kutamanda mainjiniya ndi opanga malamulo. Ine ndaona kuti pawiri ponsepa mawu a okwera ndiwo analemera.

Aphunzitsi anationetsa kavidiyo ka HUET, maphunziro a kathawidwe m'helikopita yomira. Munthu wavala suti yothina pakhosi ndi m'mikono, wamangidwa lamba pampando m'chibokosi chonga helikopita. Amachimiza m'dziwe n'kuchitembenuza chadodolido, chifukwa ndegezi zimalemera kumwamba komwe kuli mainjini, ndiye zikagwera m'madzi sizichedwa kugudubuzika. Dzanja lina pawindo, lina pa lamba. Usamasule msanga, dikira chileke kuzungulira, kankha windo, kenako masula lamba. Ukayamba ndi lamba, umayandama n'kusokonezeka, windo osalionanso.

Ndinayeserera pampando wanga usiku, maso otseka, mpweya nditaugwira. Kawiri konse dzanja linathamangira ku lamba.