Mafuta a m'thupi akasowa pokhala

Anthu awiri amsinkhu wofanana akhoza kukwera pasikelo, onse n'kulemera makilogalamu 90, koma wina n'kudwala shuga asanakwanitse zaka 45 pamene mnzakeyo ali gwa. Kawirikawiri chomwe chimawasiyanitsa ndi malo amene mafuta awo akhala. Kuti zimenezi zimveke, tiyambe ndi selo la mafuta lenilenilo.

Mafuta a m'thupi ndi mnofu wamoyo, wokhala ndi maselo, mitsempha ya magazi ndiponso mitsempha yonyamula uthenga. Selo la mafuta oyera lili ngati kathumba komwe dontho limodzi lalikulu la mafuta ladzaza pafupifupi malo onse, mpaka zina zonse za m'selomo kukankhidwira m'mbali. Thupi limakonda kusunga mphamvu mwanjira imeneyi chifukwa ndi yosalemera: galamu imodzi ya mafuta imasunga makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) 9, pamene ya shuga kapena ya mapuloteni imasunga 4 basi. Kilogalamu imodzi ya mnofu wa mafuta, poti muli madzi pang'ono, imasunga makalori pafupifupi 7,700.

Mu 2008, Kirsty Spalding ndi anzake a ku Karolinska Institute ku Stockholm anapeza kuti chiwerengero cha maselowa chimakwera munthu akadali mwana ndiponso pa unyamata, kenako chimakhazikika. Chaka chilichonse maselo pafupifupi 10 mwa 100 alionse amafa, ena n'kulowa m'malo mwawo. Munthu wamkulu akaonda, maselowo amangophwa, chiwerengero chake osatsika. Akanenepanso, amafufumanso omwe aja.

Koma thumba lililonse lili ndi polekezera. Selo likafufuma mopitirira, magazi amavutika kulifikitsira mpweya wa okosijeni wokwanira. Maselo ena amafa, ndipo asilikali a m'thupi otchedwa macrophage amabwera kudzawazungulira kuti achotse zotsalazo. Asilikaliwa amatulutsa zinthu zoyambitsa kutupa, kutupa kosapweteka, kosaoneka ndi maso, koma kosatha. Apa selo limayamba kugonthera insulini, homoni (mthenga woyenda m'magazi) yochokera m'kapamba yomwe imatsitsa shuga m'magazi. Ntchito ina ya insulini ndi kuuza maselo a mafuta kuti atseke chitseko munthu akadya, asatulutse zomwe asunga. Akasiya kumvera, mafuta amangochucha kulowa m'magazi usana ndi usiku, n'kukakhala kumene sanaitanidwe: m'chiwindi, m'minofu, m'kapamba ndi mozungulira mtima.

Oopsa kwambiri ndi mafuta a m'kati mwa mimba, okuta matumbo. Magazi ochokera kumeneko samayamba azungulira thupi lonse, amalunjika kuchiwindi kudzera mumtsempha waukulu wotchedwa portal vein. Chiwindi chikadzaza mafuta chimapitiriza kuthira shuga m'magazi ngakhale insulini ikuchiletsa. Kapamba amalimbikira kutulutsa insulini yambiri kwa zaka ndithu, mpaka maselo ake atatopa. Matenda a shuga a mtundu wachiwiri nthawi zambiri amabwera chonchi, mwakachetechete. Mafuta a pansi pa khungu, makamaka a m'matako ndi m'ntchafu, ndi nkhokwe yabwino; amagwira zimene apatsidwa osazitaya msanga.

Umboni wake ndi wodabwitsa. Pali matenda osowa otchedwa lipodystrophy, omwe munthu amakhala ndi mnofu wa mafuta wochepa kwambiri. Mukamuona ndi wowonda, mitsempha ili panja, koma ambiri otere amadwala shuga wovuta ndipo chiwindi chawo chimadzaza mafuta, chifukwa alibe posungira. Mbali inayi, mu 2004 Samuel Klein ndi anzake ku St. Louis anatsatira amayi onenepa kwambiri omwe anawapopa mafuta a pansi pa khungu la pamimba, pafupifupi makilogalamu 10 aliyense. Patatha milungu 10 mpaka 12, kamvedwe ka thupi ka insulini, kuthamanga kwa magazi ndi kolesterolo (mtundu wina wa mafuta a m'magazi) zinali momwe zinalili kale. Opaleshoniyo inachotsa mafuta osalakwa, olakwa aja n'kutsala m'kati.

N'chifukwa chake BMI, nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake, payokha sitiikhulupirira kwambiri. Kawerengedwe kake n'kosavuta: kulemera m'makilogalamu kugawa ndi kutalika m'mamita kochulukitsa ndi kutalika komweko. Munthu wa makilogalamu 90 wotalika mamita 1.70 amagawa 90 ndi 2.89, n'kupeza 31. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati kuyambira 25 munthu wapitirira muyezo, ndipo kuyambira 30 ndi kunenepa kwambiri. Nambalayi imathandiza powerengera anthu a dziko lonse, koma sisiyanitsa minofu ndi mafuta, ndipo sidziwa kuti mafutawo ali pati.

Tepi yoyezera m'chiuno imanena zambiri, bola muyeze bwino. Imirirani mowongoka, mimba ili pamtunda kapena mutavala chovala chopyapyala. Papasani m'mbali mupeze nthiti yomaliza, kenako nsonga ya fupa la m'chiuno, ndipo tepi idutse pakatikati pa malo awiriwa. Ikhale yopingasa mofanana kutsogolo ndi kumbuyo, yogunda khungu koma yosalifinya. Pumani mwachizolowezi, muwerenge nambala mukangotulutsa mpweya. Ambiri amalakwitsa poyeza pamene pamadutsa lamba, pansi pa mimba, kapena pobweza mimba m'kati. Zonsezi zimadya masentimita angapo. Kwa amuna chiopsezo cha matenda chimayamba kukwera pa masentimita 94 ndipo chimakula zedi pa 102. Kwa akazi ndi 80 ndi 88. Njira yachidule ndi iyi: chiuno chisafike theka la kutalika kwanu. Wotalika masentimita 170 akhale pansi pa 85. Kwa mayi woyembekezera muyezowu sugwira ntchito.

Nanga mafuta akamachoka amapita kuti? Ambiri amati amasungunuka n'kutuluka ndi thukuta. Kuwerengera komwe Ruben Meerman ndi Andrew Brown anafalitsa mu 2014 kunaonetsa kuti pa makilogalamu 10 a mafuta otenthedwa, 8.4 amatuluka kudzera m'mapapo monga mpweya wa carbon dioxide, ndipo 1.6 okha ndi amene amasanduka madzi. Choncho kudzikulunga m'mapulasitiki kuti mutuluke thukuta kumangokuumitsani m'thupi. Masewera opinda mimba nawonso amalimbitsa minofu ya pamimba, koma sasankha mafuta a pamalopo. Maselo a thupi lonse ndi amene amatulutsa mafuta kulowa m'magazi. Ndipo makilogalamu amene amagwa msanga sabata yoyamba munthu akachepetsa kudya, ambiri ndi madzi. Thupi limasunga shuga pafupifupi theka la kilogalamu m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse imagwira madzi pafupifupi magalamu atatu, omwe amatuluka shugayo akagwiritsidwa ntchito.

Chovuta chenicheni chimabwera pambuyo pake. Mu 1994 Jeffrey Friedman wa ku Rockefeller University ku New York anapeza leptin, homoni yopangidwa ndi maselo a mafuta, yomwe imauza ubongo kuchuluka kwa zomwe zasungidwa. Maselo akaphwa, leptin imatsika, ubongo n'kuganiza kuti kwagwa njala. Chilakolako cha chakudya chimakwera, ndipo thupi limayamba kuumira mphamvu. Munthu amene wabwereranso kunenepa timafulumira kumunena kuti ndi wosadziletsa, chonsecho akulimbana ndi ubongo wake womwe.

Mwayi wake ndi woti mafuta a m'kati mwa mimba ndi a m'chiwindi amatsika msanga kuposa a pansi pa khungu, choncho phindu limabwera munthu asanasinthe kwenikweni maonekedwe. Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program ku America, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anapatsa anthu omwe shuga wawo anali atayamba kukwera zolinga ziwiri: kutsitsa kulemera ndi 7 peresenti, ndi kuchita masewera monga kuyenda ndawala mphindi 150 pasabata. Chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti. Kwa munthu wathu wa makilogalamu 90 uja, 7 peresenti ndi makilogalamu 6 ndi pang'ono, ndipo akatsitsa amenewa BMI yake imakhala ikadali pa 29.