Zomwe tinaona pa boti lakale la injini ku Monkey Bay

Gulu lathu la amisiri okhoma maboti ku Kachulu, pa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, linapita ku Monkey Bay kudzera ku Liwonde ndi Mangochi kukaona boti lakale lamatabwa, lokhala ndi chipinda chogona ndi khitchini mkati.

Boti lotere silithamanga pamwamba pa madzi ngati sipidiboti. Limang'amba madzi, ndipo liwiro lake limatengera kutalika kwake. La mamita 11 pamzere wa madzi limathera pa makilomita pafupifupi 15 pa ola. Mukaonjezera moto kupyola apo, kumbuyo kumangotitimira, dizilo n'kumapsa pachabe. Pansi pali msana wautali wolemera, womwe umaligwira kuti lisamayende chammbali mwera ukawomba.

Pa kakhomedwe m'pomwe tinakhalitsa. Matabwa amagundana m'mphepete, osasanjikizana. M'mipata amakhomeramo thonje kenako n'kumata. Thabwa likanyowa limafufuma n'kufinya thonjelo. Misomali ndi yamkuwa, yobooleza nthiti n'kuphwanyidwa mutu mkati. Ife kuno timakhomera yachitsulo, ndipo dzimbiri lake limadya thabwa mozungulira msomali mpaka kukhwefuka. Mkuwa ndi wodula, inde, koma pamsana ndi pa matabwa apansi penipeni tiyenera kuyamba kuugwiritsa ntchito.

Injini ili pakati, pansi pa thabwa lopondapo, ndipo shafiti, chitsulo chachitali chozunguza pulopela, imatulukira kumbuyo. Potulukirapo pali chingwe chagirizi chofinyidwa ndi nati. Shafiti ikamazungulira, pazidontha madontho ochepa pa mphindi. Wina akamanga kwambiri kuti pasadonthe, pamatentha, shafiti n'kukumbika mzere. Madzi oziziritsa injini amachokera m'nyanja momwemo, kudzera pa sefa ndi pampu yokhala ndi kampira ka mapiko. Mukangoliza injini, yang'anani ku ekizozi ngati madzi akutuluka. Ngati sakutuluka zimitsani pomwepo, chifukwa kampirako sikachedwa kupsa kakamazungulira kouma.

Tinagwirizana kuti boti lotere silingathandize pa Chilwa. Limamira pafupifupi mita yathunthu, pomwe nyanja yathu ndi yosaya, ndipo tonse tikukumbukira mmene inaphwera mu 1995 ndi 2018. Matope ndi zinyalala za njedza zingamatseke sefa ulendo uliwonse wa ku chilumba cha Chisi. Tatengako ziwiri: misomali yamkuwa, ndi timabowo ta pansi pa nthiti tolola madzi olowa m'boti kutsikira malo amodzi, pomwe wokapa amawapeza mosavuta.