Nyesi ya mu 1938

Kwathu ine ndi amene ndinkakonza wailesi ya malemu bambo anga. Inali Nzeru ya mabatire, ndipo luso langa lonse linali pawiri: kuyanika mabatire padzuwa akafooka, ndi kuiwomba khofi m'mbali ikayamba kutsokomola. Ikayankhula, bambo ankauza alendo kuti mwana uyu adzakhala injiniya. Uinjiniyawo unandiphonya, pano ndimasamalira okalamba kuno ku Berlin, koma mawu a kholo sachoka m'mutu.

Ndiye Lamulungu lina ndikuzungulira pa msika wa zinthu zakale ku Mauerpark, ndinaona kabokosi kakuda kofanana mbali zonse, kali ndi kansalu kozungulira pakati, timakonono tiwiri ndi kagudumu kosakira masiteshoni. Wogulitsa anati imeneyo ndi DKE 38, wailesi ya mu 1938, ya mavalavu, timababu tagalasi timene tinkakuza mawu m'mawailesi akale, ndipo anawonjezera kuti sanaiyese. Pamsika uliwonse padziko lino, wogulitsa akati sanayese ndiye kuti anayesa. Ine ndinangomva mawu a bambo. Mtengo wake sindiutchula chifukwa mayi a kunyumba amadziwa kuwerenga.

Pa chifukwa chomwecho, ndisanakwere tramu ya M10, kasitima koyenda mumsewu, ndinamatula kapepala ka mtengo kamene wogulitsa anamata kutsogolo kwa wailesiyo. Ndinakamatula chakumbuyo, osayang'ana, wailesi ili pamimba, nkhope yake yaloza kwa anthu. Ndinakhala pampando, ndaikhazika pamiyendo, ndikumwetulira. Anthu a ku Berlin sayang'ana munthu m'tramu ngakhale atakwera atavala chisoti cha nthenga, koma tsiku limenelo onse maso anali pa ine. Ndinati eya, anthu odziwa zinthu zabwino. Mayi wina wachikulire anandiyang'ana nkhope, n'kuyang'ana wailesi, n'kundiyang'ananso nkhope, ngati pali masamu amene akumukanika. Kenako mnyamata wina anawerama n'kundinong'oneza.

"Bambo, mukudziwa chimene chili kutsogoloko?"

Ndinaitembenuza. Pamwamba pa kagudumu paja panali kachiwombankhanga kotambasula mapiko, kataponda chizindikiro cha chipani cha Hitler. Kapepala ka mtengo kaja sanakamate pamenepo mwangozi. Kuonetsa chizindikiro chimenechi pagulu ku Germany ndi mlandu woti munthu atha kukhala nawo m'ndende mpaka zaka zitatu, ndipo amene ankachiyendetsa mumzinda tsiku limenelo, akusekerera, anali munthu wakuda bii wochokera ku Malawi. Ndinapisa m'thumba la jekete, ndinapeza pulasitala wa pabala wa kuntchito, ndinamata. Alipobe mpaka lero.

Kunyumba ndinapeza mayi ali pa mphika. Ufa kuno timagula ku sitolo ya zakudya za ku Africa pa mtengo woti nsima yake umadya mwaulemu, ndiye Lamulungu ndilo tsiku lake.

"Mwatolanso chiyani, bambo?"

"Mbiri, mayi. Mbiri ya dziko."

"Ndalama zingati?"

"Mbiri ilibe mtengo."

"Nanga yavulala kale isanalowe m'nyumba?"

Sindinayankhe. Ndinaikhazika patebulo, ndinapukuta fumbi, ndinalowetsa pulagi m'soketi. Poyamba kunali zii. Ndinafotokozera mayi kuti mavalavu amayamba atenthera kaye, si zamakono zopupuluma izi. Kenako kunayamba kulira kwa pansipansi, huuuu, kumene kunkakula pang'onopang'ono, n'kubwera fungo la msewu akamathira tala. Ndinakweza dzanja kuti ndiipatse mankhwala a Nzeru aja, koma inandiyambirira. Phuu! Utsi tolotolo, kachipangizo ka kudenga kochenjeza za moto kanayamba kukuwa, magetsi nyumba yonse thii. Chitofu chathu n'cha magetsi. Nsima inali itangofika povundula.

Lamulungu ku Germany ndi tsiku la bata. Ngakhale kukhoma msomali anthu amakuyang'ana ndi diso lofiira. Choncho nditamva kugogoda ndinadziwa kuti kwatha. Anali agogo aamuna a nyumba ya pansi pathu, amene chisamukireni tinkangopatsana moni wa mutu. Sanafunse ngati tili moyo. Ananunkhiza m'mwamba, nkhope yawo n'kuwala.

"Phula limenelo," anatero. "Ndani wayatsa wailesi yakale osaitsegula?"

Mayi anandiloza ndi mthiko.

Kunapezeka kuti agogowa anagwira ntchito ya zamagetsi moyo wawo wonse ku East Berlin, ndipo chipinda chawo chosungira katundu pansi pa nyumba chinali chodzaza mawaya, mamita ndi mavalavu okulungidwa m'nyuzipepala. Kumeneko ndiko ndinakhala ndikupita madzulo ndikaweruka. Atachotsa chivindikiro cha kumbuyo, ndinakhumudwa. Ndinkayembekezera zodabwitsa za akatswiri a ku Germany, koma ndinapeza mavalavu awiri okha, VCL11 ndi VY2, atakhala pa kathabwa kooneka ngati katoni yolimba, sipika nayonso ya chipepala. Chitsulo munali chochepa kwambiri. Agogo anati ndi dala. Boma linkafuna chitsulo ndi kopa zipite ku zida za nkhondo, komanso linkafuna wailesi yoti ngakhale wosauka agule, kuti mawu a boma alowe m'khitchini iliyonse. Yoyamba ya mtunduwu, VE 301, inatuluka mu 1933 pa mamaki 76, ndalama za ku Germany za nthawi imeneyo, ndipo nambala yakeyo ndi tsiku la 30 Januwale pamene Hitler anatenga boma. Yangayi inali mng'ono wake wotchipa, wa mamaki 35. Nduna yofalitsa mabodza a boma, Joseph Goebbels, ndiye anali mwini nkhani, mpaka anthu ankaitcha wailesiyi kuti mlomo wa Goebbels, koma chapansipansi.

Chimene chinaphulika chinali kapasita, kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi. Akalewo ankawapanga ndi pepala n'kutseka ndi phula kumapeto, ndiye pakapita zaka makumi asanu ndi atatu pepala lija limakhala litamwa chinyezi, magetsi amangodutsa mosafunsa. Agogo anandionetsa chimene munthu wanzeru amachita: amalumikiza babu wamba, wakale wa kawaya m'kati uja, pakati pa soketi ndi wailesi. Ngati m'kati muli vuto, babu amawala kwambiri n'kumwa magetsiwo m'malo moti wailesi ipse. Babu mmodzi basi. Ndinaganizira nsima ija.

Ntchito yosintha makapasita ndinaikonda. Agogo sankafuna kuti atsopano achikasu aja aoneke, ndiye tinkatenthetsa akalewo mpaka phula litasungunuka, n'kukolowola zam'kati, n'kulowetsamo atsopano, n'kutsekanso ndi phula lomwelo. Munthu akasuzumira amaona za 1938, pamene m'mimba muli zadzana. Ine ndinkagwira waya ndi pulayala, iwo akuwotcherera ndi mtovu, magalasi ali pansonga ya mphuno, dzanja limene limanjenjemera akanyamula kapu ya khofi litangoti chilili. Titatha anayeza VCL11 n'kupukusa mutu. Kapasita mmodzi wotayikira anali atalola magetsi ochuluka kulowa m'valavuyo, ndipo inali itatheratu. Mavalavu amenewa anasiya kuwapanga kalekale. Ndinapeza ina pa intaneti, pa mtengo woposa wa wailesi yeniyeniyo, ndipo phukusi linafika ine ndili kuntchito. Analandira mayi. Lisiti linali pamwamba.

Titaika valavu yatsopanoyo agogo anandikhazika pansi n'kundilangiza. Wailesi imeneyi ilibe thiransifoma. Waya mmodzi wochokera kukhoma amalowa mwachindunji m'mawaya ake a m'kati. Tsono pulagi ya kuno si ya mano atatu ngati ya kwathu imene imalowa njira imodzi. Iyi imalowa uku ndi uku, ndiye ukaitembenuza mwatsoka, zimene ukuganiza kuti n'zozizira zimakhala ndi mavoti 230. Anati ndisaiyatse chivindikiro chili chochotsa, ndipo ngati ndaumirira, dzanja limodzi likhale m'thumba.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinanyamuka mwakachetechete, ndinapita kukhitchini, ndinachotsa chivindikiro kuti ndingoona mavalavu akuyaka. Ndipo ankayakadi, kamoto kofiirira m'kati mwa galasi, kokongola zedi. Waya wina ndinamuona ngati wapendama pang'ono. Malangizo ndinawatsata bwinobwino: dzanja lamanzere linali m'thumba la kabudula wogonera. Chimene agogo sananene n'chakuti bondo lisatsamire chitsulo chotenthetsera m'nyumba, chimene mapaipi ake amapita mpaka pansi.

Anthu amati nyesi imagwira. Ine inandimenya. Inalowera chala, inayendera chigongono, inakafunsa za moyo m'mano, n'kutulukira bondo. Ndinakuwa "Mayo ine!" ndi mawu amene ndinawasiya ndili sitandade 3. Swichi yoteteza ya m'nyumba inagwetsanso magetsi, ndipo n'chifukwa chake ndili pano kulemba. Mayi anabwera ndi tochi ya pafoni n'kundipeza pansi pa tebulo, mpando uli pamwamba panga, dzanja likadali m'thumba.

"Bambo, anthu aja analephera kugonjetsa dziko lonse, ndiye mwawabweretsa kuti adzamalizire pa inu?"

Agogo atamva m'mawa sanaseke. Anandibwereka thiransifoma yolekanitsa wailesi ndi magetsi a kukhoma, anamanga okha chivindikiro cha kumbuyo, sikuludiraiva n'kuika m'thumba mwawo.

Tsopano inatsala nkhani yobweza ulemu. Ndinaitana anzathu a ku Malawi amene tili nawo mumzinda muno kuti Loweruka masana abwere adzadye nsima ndi kumva wailesi imene ndaiukitsa kwa akufa. Nsima inaphikidwa kaye, mayi anaonetsetsa zimenezo. Ndinamanga waya wautali wa eriyo pakhonde, motsatira chingwe choyanikira zovala. Ndinayankhula mawu ochepa okhudza bambo anga ndi ulosi wawo. Ndinayatsa.

Fuuuu. Ndinazunguliza kagudumu. Fuuuu. Kakonono kamodzi pa wailesi imeneyi kamabweza mbali ina ya mawu m'valavu kuti akule, koma ukapyoza muyeso imayamba kulira yokha. Ndinapyoza. Inalira ngati nkhumba yomangidwa pa kaliyala wa njinga, ana anatseka makutu, galu wa nyumba yoyandikana anayankha.

"Aise, amenewo ndiye a Hitler akuyankhulawo?"

"Iwombeni khofi, achimwene, mwaiwala?"

Ndinapitiriza kusaka, thukuta lili kamukamu. Mwadzidzidzi, chapansipansi, kunamveka mawu a munthu. Ndinatchera khutu. Chichewa! Mayi wina ankalengeza uthenga wa maliro, kuti achibale onse a ku Ntcheu afulumire. Ndinadumpha. "Ndagwira Malawi! Anthuni, ndagwira Malawi!" Ndinathamangira pakhonde kukaona waya wanga wodabwitsa uja. Agogo, amene anali pakona akulimbana ndi nsima ndi foloko, anaimirira ndi nkhope ya munthu amene sayansi yake yonse yagwa. Anasuzumira kuseri kwa wailesi n'kutulutsa foni ya mlamu wanga wina, ikuulutsa siteshoni ya kumudzi kudzera pa intaneti. Anthu anagwa m'mipando. Wina anachita kutuluka panja kukapuma.

Phokoso litachepa, agogo anapukuta pakamwa n'kunena modekha kuti wailesiyo ilibe vuto lililonse, kungoti palibe choti imve. Imadziwa medium wave ndi long wave basi, masiteshoni a FM ku Germany kunalibe nthawi imeneyo. Ndipo Deutschlandfunk, siteshoni ya dziko lonse la Germany, inazimitsa ma transmitter ake omaliza a medium wave pa 31 Disembala 2015, a long wave anali atazima kale chaka cham'mbuyo mwake.

"Agogo, nanga bwanji simunandiuze tisanayambe?"

"Munati mukufuna ikonzedwe. Simunati mukufuna kumvera."

Kenako anandisuntha pang'ono, anabweza kakonono ka nkhumba kaja mpaka kulira kutangotsala pang'ono kuyamba, n'kuyendetsa kagudumu mofatsa kupita mbali ya long wave. Munthu anayankhula. Mawu opyapyala, a m'mphuno, koma a munthu weniweni wochokera m'mlengalenga, foni ya mlamu ili m'manja mwa mwini wake. Sichinali Chijeremani. Agogo anati ndi Polskie Radio, pa 225 kHz, kuchokera ku Solec Kujawski m'dziko la Poland. Ndipo anayamba kuseka, koyamba chiwadziwireni, kuseka kotulutsa misozi. Anati tiwailesi timeneti tinali tofooka, koma usiku ndi waya wautali anthu ankatha kugwira London, ndiye boma linakhazikitsa lamulo la pa 1 Sepitembala 1939, tsiku lomwelo limene asilikali ake analowa m'Poland, loletsa kumvera siteshoni iliyonse yakunja. Womvera ankapita kundende, wouzako ena zimene wamva ankatha kuphedwa. Lero mlomo wa Goebbels watsala ndi zakunja zokhazokha, ndipo masana ano wasankha Chipolishi.

Tinakhala chete kumvetsera, anthu khumi ndi kanthu, popanda ndi mmodzi yemwe wotolapo liwu. Mlamu uja anafunsa ngati ingagwire mpira wa Bullets ndi Wanderers. Mayi anasonkhanitsa mbale, anaima pakhomo la khitchini n'kulengeza malamulo awo: wailesi iziyatsidwa iwo akamaliza kuphika, agogo ali pomwepo, ine nditavala nsapato. Lolemba ndinajambula mawu ake pafoni n'kukamvetsa mnzanga wa kuntchito wochokera ku Poland, kuti andiuze chimene tinasonkhanira Loweruka lonse lija. Anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti kwawo kugwa mvula.