Zimene ndinaphunzira pomanga kaliyala pa Triumph yakale

M'miyezi imene ndakhala ndikuphunzira ntchito yowotcherera ndi kukonza njinga zamoto pa galaja ina ku Limbe, ndapanga makaliyala ambiri moti ndinayamba kudziyesa katswiri. Ambiri mwa iwo anali a anyamata a kabaza, ndipo kapangidwe kake n'kodziwika: timadula chitsulo chokhuthala, nthawi zina chomangira nyumba chomwe, n'kuchiwotcherera pa felemu penipeni kuti chizisenza thumba la makala kapena makireti a zakumwa. Mwini njinga safunsa za maonekedwe, amangokwera pamwamba pake n'kudumphadumpha, ndipo chikapanda kupindika amalipira. Ndinali ndi maganizo omwewa tsiku limene bambo wina wachikulire anabweretsa njinga yamoto ya Triumph Bonneville T120 ya 1966, pamodzi ndi mabokosi awiri a m'mbali opangidwa ndi kampani ya Craven, imene Ken Craven anayambitsa ku Britain m'zaka za m'ma 1950. Mabokosiwo anali abwinobwino, koma zitsulo zowagwiririra zinasowa kalekale, ndipo bamboyo ankafuna kuti tiwapangire zina pamodzi ndi kaliyala wakumbuyo.

Aphunzitsi anga asanandipatse tepi yoyezera anandiuza mawu amene anandidabwitsa. "Mphwanga, pa njinga iyi makina owotcherera asayandikirepo, ndipo usaboole bowo ngakhale limodzi. Tsiku limene mwini wake adzafune kuchotsa kaliyalayo, njingayi idzabwerere mmene inachokera ku fakitale." Ndinafunsa kuti, "Nanga tigwirira pati, bambo?" Iwo anangondilozera mabawuti amene analipo kale: a pamwamba pa mashoko awiri akumbuyo, ogwira madigadi, ndi a zopondera za munthu wokwera kumbuyo. Njinga imeneyi inapangidwa ku Meriden pafupi ndi Coventry, ndipo mtundu wake unayamba kugulitsidwa mu 1959, dzina lake likuchokera ku chigwa cha mchere cha Bonneville ku Utah kumene Johnny Allen anathamanga liwiro la mamailosi 214 pa ola mu 1956 pa makina a injini ya Triumph. Felemu ya njinga yotere ikawonongeka simungakaigule mumsika wa Limbe. Malo okhawo onyamulira katundu amene opanga anaikapo ndi kachitsulo konyezimira ka pamwamba pa thanki, kokwana kamtolo kakang'ono basi.

Kulakwitsa kwanga koyamba kunachitika ndisanadule chitsulo chilichonse. Nditamasula bawuti ina ya madigadi, nati yake inagwa n'kulowa pansi pa benchi, ndipo posafuna kugwada ndinatenga nati ya M8, kutanthauza ya mamilimita 8, m'chitini chathu. Inalowa bwinobwino kuzungulira koyamba, pa kuzungulira kwachiwiri inayamba kulimba, ndipo ine ndinaganiza kuti ndi dzimbiri chabe, choncho ndinatenga sipanala n'kukakamiza. Nditaimasulanso ndinapeza mazinga a bawutiyo ataphwanyika, tizidutswa ta chitsulo titamatirira ku zala zanga. Aphunzitsi sanakalipe, koma anandikhazika pansi ndi kachida koyezera mazinga kokhala ngati chipeso, n'kundiuza kuti ndiwerenge ndekha. Bawutiyo inali ya 5/16 ya inchi, kutanthauza mamilimita 7.94, ndipo n'chifukwa chake nati ya mamilimita 8 inaoneka ngati yake. Kusiyana kuli pa mazinga. M8 wamba ili ndi zinga limodzi pa mamilimita 1.25 aliwonse, amene ndi mazinga pafupifupi 20 pa inchi, pamene bawuti yachingelezi ija, ya mtundu umene ankagwiritsa ntchito pa njinga, ili ndi mazinga 26 pa inchi. Palinso mitundu ina ya mazinga: BSF, imene pa kukula komweko ili ndi 22, ndi UNF ya 24, imene Triumph inayamba kusamukirako chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Mabawuti anayi amene diso limawaona ngati ofanana sangabwerekane nati. Ngakhale mitu yake ili ndi miyeso yakeyake, moti sipanala ya mamilimita imagwira mwachinyengo n'kusalaza makona, ndipo panafunika masipanala a Whitworth, a miyeso yakale yachingelezi, amene aphunzitsi amasunga m'kabati yokhoma.

Tinagwirizana kuti paliponse pamene bawuti imangodutsa m'bowo lopanda mazinga tiikepo yatsopano yotalikirapo, yolembedwa 8.8 pamutu posonyeza kulimba kwake, pamodzi ndi nati yokhala ndi nayiloni mkati. Mabawuti akalewo tinawakulunga m'mapepala olembedwa malo ake n'kuwapereka kwa mwini wake. Manati a nayiloniwo ndi ofunika chifukwa cha injini yomwe. Mapisitoni ake awiri amakwera limodzi n'kutsikanso limodzi, ndipo kunjenjemera kwake kumamasula nati wamba pang'onopang'ono, komanso kumang'amba chitsulo m'mphepete mwa pamene pawotchereredwa ngati chamangidwa mochikoka.

Mfundo yomalizayi ndinali ndisanaiganizirepo. Pa makaliyala a kabaza, bowo likapanda kukumana ndi linzake timakoka chitsulo ndi mphamvu mpaka bawuti ilowe, ndipo timaona ngati tapambana. Chitsulo chokokedwa chotero chimakhala chikulimbana ndi felemu ngakhale njinga itaima, ndipo kugwedezeka kwa mumsewu kumangomaliza ntchito imene ife tinayamba. Pa Triumph ija ndinayamba ndi kudula zitsanzo pa chikatoni, kenako ndinapinda waya wokhuthala kuti ndione njira ya paipi iliyonse, ndipo zitsulo zenizeni ndinazigwiriza ndi timadontho towotcherera pa benchi, kutali ndi njinga, n'kumazibweretsa kudzayesa. Pamene panatsala mpata pakati pa kaliyala ndi felemu ndinadulira kapaipi kokwana bwino m'malo mounjika mawashala. Mabawuti onse amayenera kulowa ndi zala zokha, onse akhale omasuka kaye, kenako n'kuwamanga mosinthanasinthana.

Za maonekedwe a kaliyalayo sindinavutike kwenikweni, chifukwa mfundo ya makona atatu tinaiphunzira m'kalasi. Chitsulo chogwira malo amodzi chimapindika ngati nthambi, koma chikakhala ndi mwendo wotsikira ku chopondera chimasenza bwino. Chimene ndinachita nacho chidwi ndi masamu a kulemera. Kuchokera pa ekiselo yakutsogolo kufika pa yakumbuyo pali pafupifupi masentimita 140, choncho katundu wa makilogalamu 10 akaikidwa masentimita 28 kumbuyo kwa ekiselo yakumbuyo, amachotsa makilogalamu 2 pa tayala lakutsogolo. Nambalayi imaoneka yochepa, koma ikawirikizidwa ndi katundu wochuluka pa kaliyala wamtali, tayala lowongolera limapepuka ndipo mahandulo amayamba kupukusa. Ndinakumbukira njinga za kabaza zimene ndimaziona zikukwera chitunda tayala lakutsogolo likungokhudza pang'ono phula, ndipo zina mwa izo makaliyala ake ndinapanga ndine. Chifukwa cha zimenezi tinafupikitsa kaliyalayo kuposa mmene ndinajambulira, ndipo mabokosi tinawasendezera kutsogolo mpaka pamene chidendene cha wokwera kumbuyo chikanayamba kuwagunda.

Kulakwitsa kwachiwiri ndiko kunandiphunzitsa kwambiri, ndipo kunandiwonongera masiku awiri. Zitsulo zogwira mabokosi zimafuna mtanda wodutsa kumbuyo kwa tayala, wolumikiza mbali yamanja ndi yamanzere, kuti bokosi lolemera lisapendekere mkati n'kukhudza masipoko. Ndinayeza njinga ili pa sitandi yapakati, tayala lili lende, ndipo ndinaona kuti pakati pa mtandawo ndi tayala pakulowa zala zitatu. Ndinawotcherera zonse mokhutira, ndinasalaza ndi gilayinda, n'kuitana aphunzitsi kuti adzaone. Iwo anayang'ana kanthawi, kenako anati, "Chotsa mashoko onse awiri, ubweretse jeke." Tinayeza utali wa shoko ikafinyika mpaka pomaliza, ndipo tinakweza tayala pang'onopang'ono kuti mabowo a mashoko ayandikirane kufika pa muyeso umenewo. Tisanafikepo n'komwe, mphira wa tayala unali utakhudza kale mtanda wanga, ndipo nditazungulitsa tayalalo ndi dzanja linasiya mzere wakuda pa chitsulo chonyezimira. Tayala lakumbuyo silikwera molunjika, limayenda mozungulira potsata foloko imene yaligwira. Kuwonjezera apo, tcheni chikamakalamba chimatalika ndipo makaniko amakankhira tayala kumbuyo kuti chilimbe, kutanthauza kuti mpata umene ulipo lero udzachepa m'tsogolo. Ndinayeza njinga yoima yopanda munthu, pamene mwini wake adzaiyendetsa pa mabampu a msewu wa ku Zomba atanyamula mayi akunyumba ndi mabokosi odzaza. Ndinadula mtandawo n'kupanga wina wokhota, wodutsa pansi pa nambala, ndipo ulendo uno ndinayeza tayala lili pamwamba penipeni komanso litakankhidwira kumapeto kwa malo ake.

Nditaona zimenezi ndinayamba kufunsa za chinthu chilichonse chimene chimayenda kapena kutsegulidwa. Chishalo cha njingayi chimatsegukira kumbali pa mahinjesi, ndipo pansi pake pali batire ndi chivundikiro cha thanki ya oilo, choncho kaliyala wotchinga chishalo akanachititsa kuti munthu azimasula mabawuti asanu ndi limodzi pongofuna kuona oilo. Ekiselo yakumbuyo iyenera kutuluka popanda kuchotsa zitsulo zonse, chifukwa tayala limaphulika kutali ndi galaja. Kumanzere kuli tcheni ndi chivundikiro chake, zimene zimakwera limodzi ndi foloko. Pansi pa bokosi lililonse pali ekizozi yotentha, ndipo tinasiya mpata woti mpweya uzidutsa kuti pansi pa bokosi pasapserere. Ngakhale penti inandipusitsa. Nditamanga zonse nyali yakumbuyo inayamba kuthimathima, ndipo ndinapeza kuti chitsulo changa chopentedwa chinalowa pamene magetsi ankabwererera ku felemu. Tinakoka waya wakewake wobwerera, ndipo aphunzitsi anandichenjeza ndisanagwire batire kuti pa njinga zachingelezi za nthawi imeneyo mbali ya pozitivu ndi imene imalumikizidwa ku felemu, mosiyana ndi njinga zonse zimene ndinazolowera.

Mabawuti a mashoko tinawamanga komaliza, njinga itatsika pa sitandi ndipo ine nditakhalapo, kuti mphira wa m'maso mwa mashoko usapotoke. Poyesa tinaika chigubu cha madzi cha malita 5 m'bokosi lililonse ndi china pa kaliyala, popeza lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi ndipo sitinafunike sikelo. Aphunzitsi anaiyendetsa kuzungulira ku Chichiri n'kubwerera, ine ndili kumbuyo khutu lili tcheru kumvetsera ngati pali chogunda. Titafika ndinapaka choko mkati mwa mtanda watsopano, tinapitanso pa msewu wa mabampu wa kuseri kwa galaja, ndipo chokocho chinabwera chosakhudzidwa. Nati imodzi ya kumanja inafuna kumangidwanso pang'ono, ndipo tinauza mwini njingayo kuti adzabwere nayo akayenda ulendo woyamba kuti tidzaonenso onse. Bawuti imene ndinaiwononga ija sanaiwerengere pa mtengo, aphunzitsi anandiuza kuti ndiisunge m'thumba la ovolosi yanga, ndipo sabata yotsatira mnyamata wa kabaza atabwera kudzafuna kaliyala ndinamupempha kuti ayambe wakhala pa njinga ndi mnzake ndisanatenge tepi.