Zimene ndinaona ku Norway pa ulendo wa sitima yapamadzi

Anzanga a kumpingo ndi aphunzitsi anzanga a kuno ku Ulónguè akhala akundifunsa za ulendo umene ndinayenda mu Juni, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti aliyense adziwerengere. Mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino ku Lisbon, pamodzi ndi mwamuna wake ndiwo analipira zonse, ati kundithokoza popeza ndapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Ndinakwera ndege ku Chingodzi mpaka ku Maputo, kuchoka apo Lisbon, ndipo sitimayo tinakaikwerera ku Copenhagen.

Za sitimayo sindichulutsa. Muli zipinda zogona, malo odyera, masitolo, ngakhale dziwe losambiramo pamwamba pake. Chakudya chinali chochuluka, mbatatesi tsiku lililonse ngati kwathu kuno, koma nsima ndinaisowa ndithu. Ogwira ntchito ambiri anali ochokera ku Philippines, India ndi Indonesia, anthu osiya ana awo miyezi yambiri, oimirira kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mnyamata wina wa ku Brazil atamva kuti ndimalankhula Chipwitikizi anayamba kundisungira mpando pafupi ndi zenera. Mulungu amusamale kumene ali.

Chimene ndinapitira ndi ma fjord. Ndawaphunzitsa zaka zambiri pa bolodi, ndi choko: kalekale madzi oundana okhuthala kwambiri ankatsetsereka pang'onopang'ono kuchokera m'mapiri, akukumba zigwa zakuya, ndipo atasungunuka zaka pafupifupi 10,000 zapitazo nyanja inalowa m'zigwamo. Choncho madzi ake ndi amchere, ngakhale uli kutali ndi gombe, pakati penipeni pa mapiri. Sognefjord, imene ndi yaitali kuposa ina yonse m'dzikolo, imalowa kumtunda makilomita oposa 200, ndipo pena kuya kwake kumapitirira mamita 1,300. N'chifukwa chake chisitima chachikulu chotere chimadutsa pafupi ndi thanthwe popanda kugunda pansi.

Tsiku lolowa mu Geirangerfjord mwana wanga anandidzutsa m'mamawa. “Amayi, valani juzi ziwiri, tituluke panja.” Ife a ku Angónia timati chisanu timachidziwa, koma mphepo ya pamadzipo imaluma mpaka m'mano, chikhalirecho kwawoko inali nyengo yotentha. Zitsulo zogwirira zinali zonyowa ndi mame. Mbali zonse ziwiri kunali makoma a miyala yakuda, mitengo itamamatira m'ming'alu, pamwamba pake chipale chili mbuu. Mathithi otchedwa Seven Sisters, timitsinje tisanu ndi tiwiri togwa moyandikana, tinayamba kuwamva tisanawaone, ndipo podutsa pafupi timadontho take tinandifika kumaso.

Koma chimene chinandigwira mtima si mathithi ayi. Moyang'anizana nawo, pamwamba pa phompho, pali tinyumba tamatabwa pa malo otchedwa Skageflå, mamita pafupifupi 250 kuchokera pamadzi. Kale anthu ankakhala pamenepo, akuweta mbuzi ndi kumweta udzu wosungira ziweto m'nyengo yachisanu. Wotiperekeza anati makolo ankamanga ana ang'onoang'ono ndi chingwe m'chiuno kuti asagwe posewera. Ine mwana wa mlimi ndinangoti kukamwa yasa. Mchere, ufa, mtembo wa munthu womwalira, zonse zinkakwera kapena kutsika m'kanjira ka m'thanthwe kameneko, ndipo kupita kutchalitchi kunali kwa pabwato. Dziko limene lero timalimva kuti ndi lolemera, agogo awo anali osauka kwambiri, moti ambirimbiri anasamukira ku America m'zaka za m'ma 1800.

Ku Flåm, kamudzi ka kumapeto kwa nthambi ina ya Sognefjord, tinatsika n'kukwera sitima yapamtunda yopita ku Myrdal. Njanjiyo ndi ya makilomita 20 okha koma imakwera mamita oposa 860, ikulowa m'mapanga 20 obooledwa m'mapiri, ambiri mwa iwo okumbidwa ndi manja. Inatsegulidwa mu 1940. Panjira sitima imaima pa mathithi a Kjosfossen kuti anthu ajambule zithunzi, ndipo ndi pamenepo pamene ndinamva kuti pa mathithi omwewo anamangapo makina opukusa magetsi oyendetsera njanjiyo. Pafupifupi magetsi onse a m'Norway, magawo 9 mwa 10, amachokera ku madzi otsika m'mapiri. Kanyumba kali kokha kutsidya, kopanda ndi msewu womwe, umaona mawaya akafika. Pa Sognefjord pomwepo, kuyambira mu 2015, pali pantoni yowolotsa magalimoto yoyendera mabatire.

Apa maganizo anga anathamangira ku Songo. Ndinapitako ndili mtsikana, ndi anzanga a kukoleji, ndipo amene munaonapo Cahora Bassa mukudziwa zimene ndikunena: Zambezi wopanikizika pakati pa mapiri aatali, madzi obiriwira ali phee, msewu wokhotakhota wotsikira kudamu. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu kuli milambe ndi dzuwa loswa mtengo, ndipo nyanja yathu anaipanga ndi anthu. Damulo linatha kumangidwa mu 1974, limatha kutulutsa mamegawati 2,075, ndipo gawo lalikulu la magetsiwo limayenda pa mawaya makilomita pafupifupi 1,400 kupita ku South Africa. Tonse tikukumbukira chimwemwe cha mu 2007 pamene damulo linabwera m'manja mwa dziko lathu. Mawaya afika m'midzi yambiri kuchokera nthawi imeneyo, zimenezo n'zoona. Komabe kumudzi kwa malemu amayi anga, cha ku Dómuè, adzukulu a mchemwali wanga amawerengabe ndi tochi. Nditaima pa Kjosfossen, zovala zikunyowa ndi nthunzi ya madzi, zimenezi zinandiwawa mumtima kuposa kale lonse, chifukwa ndinaona ndi maso anga kuti kufikitsa magetsi ku nyumba yomaliza ya kumapiri n'kotheka.

Ku Bergen kunagwa mvula tsiku lonse, monga mwa chizolowezi chake, ndipo tinangoyenda pang'ono pakati pa nyumba zakale zamatabwa za ku Bryggen, kumene amalonda a ku Germany ankagulira nsomba zouma zochokera kumpoto zaka mazanamazana zapitazo.

Ålesund ndiye ndinaikonda. Tauniyi inapsa pafupifupi yonse mu Januwale 1904, anthu okwana 10,000 n'kutsala opanda pogona, ndipo anaimanganso ndi miyala ndi njerwa. M'sitolo ina pafupi ndi doko ndinamva fungo limene mphuno yanga inalizindikira msanga. Bacalhau! Nsomba ija timaiona m'masitolo akuluakulu a ku Tete nyengo ya Khirisimasi, yodula ngati mankhwala, yambiri imachokera kumeneko. Amaing'amba pamimba, kuitambasula, kuithira mchere wambiri n'kuiumitsa. Kale ankayanika pa matanthwe a m'mbali mwa nyanja. Ndinaigwira m'manja, yolimba gwa, mchere uli waa pa zala. Ndinauza mkamwini wanga kuti, “Bambo, iyi ndi chicoa ya kwathu basi.” Kakonzedwe kake n'kofanana ndi ka nsomba za ku Cahora Bassa zimene timagula pa Kwachena, zimene amalonda amapita nazo mpaka ku Malawi ndi ku Congo. Iwo nsomba yawo amaisankha m'magulu, kuikulunga bwino, n'kuitumiza ku Portugal ndi ku Brazil ili ndi dzina la dziko lawo. Amayi athu a m'mphepete mwa nyanja luso ali nalo kale. Chimene ndikulakalaka ataapatsa ndi mchere wabwino, malo aukhondo oyanikira, ndi msewu woti galimoto ifike nyengo ya dzinja.

Sindinganame kuti zonse zinali zokoma. Geiranger ndi kamudzi ka anthu osakwana 300, koma sitima imodzi imatsitsa anthu zikwizikwi nthawi imodzi, ndipo utsi wa injini umatsakamira pakati pa mapiriwo. Ine ndinali mmodzi wa anthuwo, ndipo zinandikhudza. UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, linaika Geirangerfjord ndi Nærøyfjord pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa mu 2005, ndipo mu 2018 nyumba ya malamulo ya dzikolo inagamula kuti m'tsogolo sitima zotulutsa utsi zisamadzalowemo. Ndikugwirizana nazo.

Kwa amene mwayi wotere ungakupezeni, tengani jekete yosalowa madzi ndi nsapato zotseka, ndipo muzidya m'sitima musanatsike, pakuti zinthu kumtunda n'zodula kwambiri. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 11 koloko usiku ndipo mdima weniweni sugwa, choncho tsekani makatani msanga kuti tulo tibwere. Ine pano ndayamba kukambirana ndi aphunzitsi a pasukulu yanga yakale kuti tisonkhe ndalama ya basi, ana a kalasi yomaliza akaone Cahora Bassa mvula isanayambe. Ambiri a iwo sanawolokepo Zambezi. Amene mungathandize, mundipeze ikatha misa Lamulungu.