Snowmobile ikakana kulira pa -38, ine ndimayambira apa

Kuno ku Yellowknife, kumpoto kwa Canada, Januwale sachita naye masewera, kuzizira kwa madigiri -30 ndi zawamba ndipo masiku ena imatsika mpaka -40. Loweruka lapitali tinapangana ndi mnzanga wakuntchito zokawedza pa Great Slave Lake, kuja timaboola ayezi n'kuponyamo mbedza, ndiye m'mawa ndikuti ndilize snowmobile yanga, kanjinga kamoto koyenda pa chipale chofewa, yakalekale ya two-stroke (injini yowotcha petulo pamodzi ndi oyilo) ya kabuleta, kutembenuza kiyi inangoti kli kli kenako zii.

Ndinayamba ndi tinthu ting'onoting'ono tomwe anthu amatha nato ola lathunthu akutukwana injini yosalakwa. Switch yofiira yozimitsira injini ya pa handulo ija ndinaikoka, kachingwe komwe umamangirira pa jekete kuti ukagwa injini izime ndinakachotsa n'kupukuta ayezi n'kukabwezera bwinobwino. Throttle, kowonjezerera liwiro kaja, nayonso ndinaifinya kuona ngati ikubwerera yokha, chifukwa ikaundana makina ena amadula moto dala kuti isathawe yokha.

Kenako batire. Yodzaza bwino imayenera kuonetsa mavoti 12.6 pa mita, yanga inali pansi pa 12. Apa ndiye samalani abale, batire yofooka imaundana msanga kuposa yodzaza, ndipo ikaundana kapena mukaona yatupa m'mbali musayerekeze kuijampa kapena kuitchaja, imatha kuphulika. Yanga sinatupe koma ndinaimasulabe n'kuilowetsa m'nyumba kuti iyambe yatenthedwa kaye ndisanaiike pa tchaja.

Itadzaza ndinaibwezera koma sindinathamangire kiyi ayi. Switch ili yozima ndinakoka chingwe cha pamanja pang'onopang'ono kangapo, ngati mmene timakokera cha jenereta magetsi akathima, kungoti zam'kati zimasuke chifukwa oyilo pa kuzizira kotere amakhala atalimba, ukayamba ndi mphamvu umangodula chingwe kapena kuthyola phewa. Choke, yomwe imawonjezera petulo poliza injini yozizira, ndinaiyatsa yonse, kuyesa, inatsokomola kamodzi kenako fungo la petulo lokhalokha, kusonyeza kuti yamwa mafuta ambiri.

Ndinamasula mapulagi, onse anali onyowa ndi akuda bii. Magolovesi opyapyala sindinavule, petulo pa -38 saundana koma amakhala wozizira chimodzimodzi, akakudonthera pa chala khungu limapsa pompo ndi chisanu. Mapulagi ali kunja, switch yozima, ndinakoka chingwe kuti mafuta otsala atuluke, kenako ndinaika atsopano omwe ndimasunga m'thumba lam'kati mwa jekete kuti azikhala ofunda. Choke ndinazimitsa, inalira! Koma sinachedwe, inayamba kubanika n'kuzimanso.

Ikamalira n'kuzima chonchi ine ndimaganiza zoti mafuta sakufika, ndipo nthawi zambiri ndi ayezi mu paipi kapena mu kabuleta. Thanki ikamakhala theka, m'kati mumachita chinyezi, timadontho ta madzi timatsikira pansi n'kukaundana pomwe njira ndi yopapatiza. Ndinathira mu thanki kamankhwala ka isopropyl kochotsa madzi, osati ka methanol, kaja sikagwirizana bwino ndi oyilo wa two-stroke. Aneba anatulukira ndi kachitini ka starting fluid, mankhwala opopera kuti injini ilire msanga, ati "ingopoperani achimwene ilira pompano", ndinawathokoza koma ndinakana, chimenechija chimatsuka oyilo m'silinda ndipo two-stroke moyo wake ndi oyilo yemweyo. M'malo mwake ndinafunditsa tenti kutsogolo konse n'kulowetsamo draya ya tsitsi ya madam, kuloza pa kabuleta ndi mapaipi, moto wa lawi apa ayi ndithu pali petulo.

Patapita kanthawi ndinachotsa tenti, choke theka, kiyi kamodzi, inalira n'kukhazikika. Ndinaisiya panja pomwepo iziliralira mpaka itatentha, mu galaja yotseka utsi wake umapha, komanso ukaithamangitsa ikadali yozizira pisitoni imatupa msanga kuposa silinda n'kugwira. Ikutentha choncho ndinanyamula kumbuyo n'kukugwetsa pansi kangapo kuti track, chilabala chapansi chomwe imayendera, imatuke pomwe inamatirira, ma ski otsetserekera kutsogolo ndinawagwedeza ndi phazi, apo ayi lamba wa injini amapsa ukangofinya throttle.

Tinanyamuka masana, ndipo dzuwa la kuno Januwale cha m'ma 4 koloko limakhala lalowa, ndiye kuwedza kunali kwa dzina chabe. Pobwerera ndinadutsira pothira mafuta n'kudzaza thanki mpaka pakamwa, batire inagona m'nyumba.