Kaduwa kofiira pa jekete ya amalume

Lamulungu, Zomba.

Ndadzuka kusanache chifukwa amalume anandiuziratu dzulo kuti ku chipilala sapita okha. Mawondo awo anatha kalekale, kukwera minibasi amafunika wowagwira mkono. Avala jekete yawo ija ya ku usilikali, yonunkha m'sutikesi, kaduwa kofiira ka pepala kali pachifuwa. Kutentha kwa Novembala konseku, koma kuwauza kuti aivule ndi kuputa mkangano.

Tafika pafupi ndi Cobbe Barracks anthu atadzaza kale pa mwambo wokumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo. Chipilala chimenechi chinamangidwa pokumbukira asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo ndakhala ndikuchidutsa zaka zambiri ngati mtengo wa m'mbali mwa msewu. Itakwana 11 koloko lipenga linalira, tonse zii kwa mphindi ziwiri. Kumangomveka mwana wina akulilira fulizesi.

Nkhani yeniyeni yabwera pambuyo, titakhala pa chiwaya tikudya tchipisi.

"Mphwanga, Chancy Chitete ukumudziwa?"

Ndinati dzinalo ndinalimvapo pa wailesi. Amalume anandiyang'ana ngati ndaba nkhuku.

Chitete anali Private, udindo wotsikitsitsa, m'gulu la asilikali athu amene anatumizidwa ku Congo pansi pa United Nations. Mu Novembala 2018 Amalawi ndi Atanzaniya analowa limodzi m'nkhalango za kufupi ndi Beni kukathamangitsa zigawenga za ADF, nthawi imene derali linkavutikanso ndi Ebola. Zipolopolo zitachuluka, gulu la Chitete linkaombera kuti Atanzaniya apeze mpata wobwerera m'mbuyo. Apo ndi pamene Corporal Ali Khamis Omary wa ku Tanzania anaomberedwa, n'kugwa poyera. Chitete anachoka pamene anabisala, anamukoka mpaka pamalo otetezeka, ndipo chipolopolo chinamupeza akumumanga mabala. Omary anachira. Chitete anabwera kwathu m'bokosi, mmodzi mwa Amalawi 6 amene anafa pa nkhondo imeneyo.

Pofotokoza za kukoka munthuyo amalume anasiya foloko, n'kundisonyeza ndi manja mmene umagwirira mnzako m'khosi mwa yunifomu uku ukukwawa. "Munthu wovulala amalemera kuposa thumba la chimanga, iwe. Ndiye wina akukuombera." Tchipisi chawo chinazizira.

Mu Meyi 2019, ku New York, mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa mkazi wa Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yomwe imaperekedwa kwa wosungitsa mtendere wolimba mtima koposa. Diagne anali msilikali wa ku Senegal amene anapulumutsa anthu ambiri ku Rwanda mu 1994, iyenso n'kufera komweko. Kupatula banja la Diagne mwiniwakeyo, woyamba kulandira anali Mmalawi ameneyu. Zandichititsa manyazi kuti ndikhoza kutchula osewera onse a Flames a chaka chimenecho, koma izi ndazimva lero kwa nkhalamba ya mano anayi.

Pobwerera kondakitala anafuna kuwalipiritsa amalume mtengo wa anthu awiri ati chifukwa anatambasula mwendo. Sindinkayembekeza kuti munthu amene walira mwakachetechete m'mawa angakalipe chonchija. Analipira wa munthu mmodzi.

Panopa agona pa mpando, nsapato osavula. Jekete ndaikoleka kuseri kwa chitseko, kaduwa kakadali pomwepo, ati ndisakachotse mpaka pa 14, tsiku limene mnyamatayo anafa.